Opaleshoni ya Nsagwada kwa Munthu Wamkulu ndi Kasamalidwe Kake Pakhomo

Amayi, pa tsiku la sikelo nkhani zathu kaŵirikaŵiri zimakhala za katemera, phala la mwana ndi kulera. Lero tikambirana za munthu wamkulu: bambo a kunyumba, mlongo wanu, mwana wanu amene anakula kale, kapena inu nomwe. Kuno ku Khonjeni ndi m'midzi yozungulira maesiteti a tiyi muli anthu amene akhala zaka zambiri osatha kutafuna bwino chifukwa nsagwada zawo zinathyoka n'kupola mokhota, zinatupa, kapena zinauma osatsegukanso. Ena amaphimba kumaso ndi mpango, ndipo pa ukwati kapena pa maliro amakadyera kuseri. Ambiri a iwo anauzidwa ndi abale kuti msinkhu unapita, madokotala sangachitenso kanthu. Zimenezo si zoona. Fupa la nsagwada limatheka kukonzedwa ngakhale munthu ali ndi zaka 30 kapena 50. Koma dokotala amagwira ntchito yake kwa maola oŵerengeka chabe. Milungu yotsatira, pamene fupa likulumikizana, wodwala amakhala m'manja mwa amene amamuphikira, ndipo m'makomo ambiri munthu ameneyo ndinu.

Nsagwada ndi ntchito yake

Munthu ali ndi nsagwada ziŵiri. Ya m'mwamba inagwirana ndi chigaza ndipo siyenda. Ya m'munsi ndi fupa limodzi lopindika ngati chogwirira cha ndowa, ndipo nsonga zake ziŵiri zimayenda m'mfundo zimene zili kutsogolo kwa makutu. Ikani chala patsogolo pa khutu lanu ndi kuyasamula: mumva mfundoyo ikuyenda. Munthu wamkulu wabwinobwino amatha kuloŵetsa zala zake zitatu zosanjikiza pakati pa mano a m'mwamba ndi a m'munsi. M'kati mwa fupa la m'munsili mumadutsa mtsempha umene umachititsa kuti mlomo wa m'munsi ndi chibwano zizimva kukhudza, kutentha ndi kuzizira. Mtsempha umenewu muukumbukire, pakuti tiutchulanso.

Amene amafunika opaleshoni

Oyamba, ndipo ndiwo ambiri, ndi anthu othyoka nsagwada. Ena amagwa pa njinga yamoto ya kabaza alibe chipeŵa choteteza mutu, ena amagwa mu mtengo, ena amamenyedwa ku moŵa. Tisabise: alipo amayi amene amathyoledwa nsagwada ndi chibakera m'nyumba mwawo momwe, n'kukanena kuchipatala kuti anagwa pa mwala. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la chaka cha 2006 limakutetezani, ndipo ku polisi kuli ofesi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza. Dokotala muuzeni zoona.

Nsagwada yothyoka imadziŵika motere: mano sakumananso monga kale, pamatupa, munthu amalephera kutseka kapena kutsegula pakamwa, dovu losakanikirana ndi magazi limangotuluka, ndipo mlomo wa m'munsi umachita dzanzi. Wovulala wotere musamugoneke chagada, chifukwa magazi ndi lilime zingatseke njira ya mpweya. Akhale tsonga ataŵeramira kutsogolo, kapena agone cham'mbali. Mungathe kukulunga mpango pansi pa chibwano ndi kumanga pamwamba pa mutu, koma mfundo yake ikhale yosavuta kumasula ngati atafuna kusanza. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Fupa silidikira. Pakapita milungu iŵiri kapena itatu limayamba kugwirana lokha pamalo pamene lili, ngakhale pali pokhota, ndipo kuti liwongoledwe dokotala amayenera kulidulanso, imene ili ntchito yaikulu kuposa ikanakhala poyamba.

Achiŵiri ndi anthu a chotupa cha m'fupa. Chilipo chotupa china chimene chimakonda nsagwada ya m'munsi mwa achinyamata ndi akulu, chimene madokotala amachitcha ameloblastoma. Chimakula pang'onopang'ono kwa zaka, ndipo poyamba sichiŵaŵa. Kusaŵaŵa kumeneku ndiko kumapusitsa anthu. Chotupacho sichikonda kufalikira ku ziŵalo zina, koma chimadya fupa m'kati monga chiswe chimadyera mtanda wa denga, mpaka mano amagwedera ndipo nkhope imapendekera mbali imodzi. Pa ntchito yanga yoyendera midzi ndaonapo masaya odzala ndi mphini pamwamba pa chotupa chotere. Mphini zimangocheka khungu. Fupa lili m'katimo limapitirira kudyeka. Chotupa chikapezeka chili chaching'ono, dokotala amachotsa kachigawo kakang'ono. Chikakula amachotsa mbali yaikulu ya nsagwada, n'kuikapo chitsulo chapadera, ndipo nthaŵi zina amadzawonjezera fupa lotengedwa m'chiuno, m'nthiti kapena m'mwendo mwa wodwala yemweyo.

Kwa ana nkhani ndi ina. Tsaya la mwana likatupa msangamsanga m'masiku kapena milungu yoŵerengeka, mano n'kuyamba kugwedera, ikhoza kukhala khansa imene dokotala Denis Burkitt anaifotokoza ku Uganda m'chaka cha 1958. Imeneyo sachiza ndi mpeni koma ndi mankhwala, ndipo ana ambiri amachira akafika msanga ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre.

Achitatu ndi amene akukhudza kwambiri inu a ku sikelo, chifukwa vuto lawo limayamba ali ana. Aŵa ndi anthu amene nsagwada zawo zinauma, kotero kuti pakamwa pamangotseguka pokwana nsonga ya supuni. Musasokoneze ndi kafumbata, amene amaumitsa nsagwada mwadzidzidzi pamodzi ndi thupi lonse ndipo amafunika kuthamangira naye kuchipatala nthaŵi yomweyo. Kuuma kumene tikunena pano kumabwera pang'onopang'ono. Mwana amagwa n'kumenyetsa chibwano pansi. Mayi amaona kabala ka pachibwano kokha, osadziŵa kuti nsonga ya fupa pafupi ndi khutu yasweka. Kapena khutu limatuluka mafinya kwa miyezi osalandira mankhwala, mafinyawo n'kufika pa mfundo ya nsagwada. M'kupita kwa zaka mfundoyo imagwirana ndi chigaza, nsagwada imaleka kukula, ndipo mwana amafika pa unyamata ali ndi chibwano chaching'ono chobwerera m'mbuyo.

Chinanso chimene chimaumitsa nsagwada ndi matenda otchedwa noma. Amagwira makamaka ana a zaka 2 mpaka 6 amene ali onyentchera, kaŵirikaŵiri atangodwala chikuku kapena malungo. Amayamba ngati zilonda za m'nkhama: nkhama zimatuluka magazi, m'kamwa mumanunkha kwambiri, kenaka tsaya limatupa ndipo pamaoneka banga lakuda. M'masiku ochepa mnofu umawola n'kubooka. Popanda chithandizo ana ofika 9 mwa 10 alionse amamwalira, ndipo opulumuka amatsala ndi chipsera cholimba chimene chimamanga nsagwada. M'mwezi wa December 2023 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linaika noma m'gulu la matenda a m'maiko otentha amene akhala akunyalanyazidwa. Chomvetsa chisoni nchakuti pamene akuyamba kumene, matendaŵa amagonja ndi mankhwala opha tizilombo, kutsuka m'kamwa ndi chakudya chabwino. Choncho mwana akadwala muzimuyang'ana m'kamwa tsiku ndi tsiku. Alandire katemera wa chikuku pa miyezi 9 ndiponso pa miyezi 15, ndi vitamini A miyezi 6 iliyonse. Mwana amene wagwa chibwano n'kumakana kutafuna, kapena wa khutu la mafinya, abwere kuchipatala osadikira tsiku la sikelo.

Pomaliza pali anthu amene sanavulale kapena kudwala, koma nsagwada zawo zinakula mosiyana: ya m'munsi inatsogola kwambiri kapena inatsalira, mwakuti mano akutsogolo sakumana. Izi zimachitikanso kwa ena amene anabadwa ndi mlomo kapena m'kamwa mong'ambika, ngakhale anasokedwa ali makanda. Opaleshoni yawo imadikira mpaka mafupa ataleka kukula, cha m'ma zaka 18. Amayamba avala mawaya owongola mano kwa chaka kapena kuposerapo, kenaka dokotala amadula fupa kudzera m'kamwa n'kulisuntha, osasiya chipsera kumaso. Njira yodulira imeneyi anaifalitsa ndi madokotala Trauner ndi Obwegeser a ku Ulaya m'chaka cha 1957, ndipo ikugwiritsidwabe ntchito. Kasamalidwe ka pambuyo pake nkofanana ndi ka munthu wothyoka nsagwada.

Ulendo wa kuchipatala ndi kukonzekera

Ulendo umayambira pa chipatala chaching'ono cha Khonjeni kapena pa chipatala cha pa esiteti. Kumeneko amalemba kalata yopita ku chipatala cha boma ku Thyolo, kumene kuli a zamano ndi makina ojambulira mafupa. Vuto likakhala lalikulu amatumiza ku Queen Elizabeth, ku Gulupu monga timanenera. Madokotala a opaleshoni ya nsagwada ndi oŵerengeka m'dziko muno. Sukulu yophunzitsa madokotala a mano inayamba ku Blantyre m'chaka cha 2019 chabe. Motero ngati vuto si langozi, mukhoza kupatsidwa tsiku la patsogolo. Tsikulo lisungeni. Kabuku ka kuchipatala, kalata ndi zithunzi za mafupa muzikulunge m'pepala la pulasitiki, zisanyowe. Funsaninso msanga ngati pali china chofunika kugula, kuti banja likonzekere pamodzi ndi ndalama zoyendera ndi ufa wa wodikirira wodwala.

Opaleshoni isanachitike adzayeza kuchuluka kwa magazi, kuthamanga kwake, shuga ndi HIV. Mano obooka amayenera kuzulidwa kapena kumatidwa, chifukwa dzino lowola limaloŵetsa tizilombo m'fupa lodulidwa. Wosuta fodya aleke, pakuti utsi umachedwetsa kupola kwa bala ndi fupa lomwe. Pali zinthu zinayi zimene wodwala ayenera kuuza dokotala ngakhale asanafunsidwe: ngati ali ndi pakati kapena akukayikira, ngati amadwala khunyu, ngati amamwa moŵa tsiku ndi tsiku, ndi mankhwala onse amene akumwa, a ma ARV, a chifuwa chachikulu, a shuga, ngakhale a zitsamba. Za khunyu nzofunika kwambiri, chifukwa munthu amene angagwe ndi kusanza ali chikomokere samangidwa mano mwachisawawa. Dokotala amasankha njira ina. Abale amphamvu akhale okonzeka kupereka magazi akapemphedwa. Usiku wa tsiku la opaleshoni namwino adzanena ola lolekera kudya ndi kumwa. Musamupatse wodwala kaphala mobisa pomumvera chisoni, chifukwa chakudya chili m'mimba chikhoza kubwerera n'kuloŵa m'mapapo pamene wagonekedwa tulo.

Njira ziŵiri zogwirira fupa

Mkono ukathyoka amauika m'chikhakha. Nsagwada sizingavale chikhakha, choncho madokotala ali ndi njira ziŵiri. Yoyamba ndiyo kumanga mano a m'mwamba ndi a m'munsi pamodzi ndi timawaya kapena timphira, kuti nsagwada ya m'mwamba igwire inzake. Wamkulu amakhala womangidwa chonchi milungu 4 mpaka 6. Yachiŵiri ndiyo kulumikiza fupa ndi tizitsulo tating'ono ta titaniyamu tokhomedwa ndi timisomali. Tizitsuloti sitichita dzimbiri, ndipo kaŵirikaŵiri timakhala m'thupi moyo wonse popanda vuto. Woikidwa tizitsulo amatha kutsegula pakamwa msanga, koma asanyengeke: tizitsulo timangogwirizira, fupa limafunabe milungu yomwe ija lisanayambe kutafuna.

Wodwala akatuluka m'chipinda cha opaleshoni musachite mantha ndi maonekedwe ake. Nkhope imatupa, ndipo kutupako kumafika pachimake tsiku lachiŵiri kapena lachitatu, kenaka kumayamba kuphwa. Kochuluka kumatha m'milungu iŵiri, kotsala kumatenga miyezi. Mwina adzakhala ndi kapaipi kodutsa m'mphuno kopita m'mimba kodyetsera masiku oyamba. Agone mutu uli pamwamba, mutamutsamiritsa pa mapilo aŵiri kapena bulangete lopinda, ndipo tsiku lotsatira ayambe kuyenda pang'ono m'wodi akaloledwa. Poti kulankhula kumavuta, wodziŵa kulemba mupatseni kope ndi pensulo. Wosadziŵa mupangane naye zizindikiro za manja za ludzu, ululu ndi mseru.

Musanatuluke m'chipatala, wodikirira wodwala apemphe kuonetsedwa mawaya amene angadulidwe pa ngozi, ndi chodulira chake. Afunsenso za mapiritsi. Ena amatheka kuphwanyidwa ndi kusungunulidwa m'madzi, ena saloledwa kutero, ndipo ena ali ndi amadzimadzi oloŵa m'malo mwake. Ma ARV ndi mankhwala a chifuwa chachikulu sadukizidwa ngakhale tsiku limodzi chifukwa cha mawaya.

Kudyetsa munthu womangidwa mano

Apa ndi pamene mabanja ambiri amalephera, osati chifukwa chosoŵa chikondi koma chifukwa chosadziŵa. Amaona kuti munthu sangatafune, tsono amangomupatsa tiyi wa shuga m'maŵa, phala lamadzimadzi la ufa woyera masana, ndi thobwa madzulo. Pakutha pa mwezi munthu uja wawonda ngati wodwala chaka chathunthu, bala likutuluka mafinya, fupa silinagwirane. Fupa limamangidwa ndi chakudya. Wodwala wa opaleshoni amafuna zomanga thupi zochuluka kuposa masiku onse, pamene njira yoloŵera chakudya yatsala timipata ta pakati pa mano ndi kuseri kwa mano a kumapeto.

Inu amayi muli nalo kale luso lofunika, pakuti ndi lomwe lija la phala la mwana wosiya kuyamwa. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene timaphunzira pa sikelo ayenera kuloŵa onse m'kapu. Phikani phala la mgaiwa kapena Likuni Phala, osati la ufa woyera wokha. Thiranimo nsinjiro zosefa bwino kapena chiponde, supuni ya mafuta ophikira, ndi dzira lomenya, ndipo phalalo liŵirenso kuti dzira lipse. Lisungunuleni ndi mkaka woŵiritsa m'malo mwa madzi ngati ulipo. Usipa kapena matemba akazingeni, muwasinje mu mtondo ndi kusefa kaŵiri. Ufa wake umaloŵa m'phala kapena mu msuzi ndipo ndi wabwino kwa mafupa. Nyemba ndi nandolo ziphikeni mpaka zifeŵeretu, muchotse makoko, muzipote ndi kuzisungunula ndi msuzi wake. Mbatata yofiira m'kati, maungu ndi mbatatesi zimapoteka mosavuta. Nkhwani ndi bonongwe ziphikeni, muzisinje, muzifinyire pa sefa. Kuno ku Thyolo tili ndi mwayi wa mapeyala: peyala lakupsa lopotedwa ndi mkaka ndi nthochi limapatsa mphamvu zambiri m'kapu imodzi yokha. Papaya ndi mango ofinya amathandizanso kuti wodwala asadzimbidwe, vuto limene limabwera kaŵirikaŵiri pa milungu imeneyi.

Chilichonse chidutse pa sefa ya tiyi kapena pa kansalu koyera koŵiritsa. Kanjere kamodzi ka nsinjiro kapena kaminga ka nsomba kakakodwa m'mawaya kamavutitsa tsiku lonse, ndipo kangathe kutsamwitsa. Chakudya chikhale chopyapyala moti chingathe kuyenda, koma chisakhale madzi okhaokha. Wodwala adye atakhala tsonga, pang'onopang'ono, ndi kapu, supuni yaing'ono kapena jekeseni yaikulu yopanda singano imene achipatala angakupatseni, yoloŵetsera chakudya cham'mbali mwa tsaya. Za kugwiritsa ntchito kapaipi koyamwira yambani mwafunsa dokotala, chifukwa pa maopaleshoni ena kuyamwa mwamphamvu kumatsegula bala.

Katatu pa tsiku sikukwanira. Mupatseni kasanu ndi kamodzi kapena kasanu ndi katatu, ndi madzi oŵiritsa kapena othira mankhwala pakati pake. Ndikudziŵa kuti kwa mayi amene amalaŵirira kukathyola tiyi izi nzovuta. Gaŵanani ntchito ndi wachibale, ndipo phala lotsala lisamangokhala pa mbale kuyambira m'maŵa mpaka madzulo. Liŵiritsidwenso lisanaperekedwe, chifukwa kutsegula m'mimba ndi kusanza nkoopsa kwa munthu womangidwa mano. Mukabwera ndi mwana ku sikelo, bwerani nayenso wodwalayo akwere sikelo ya akulu. Kutsika pang'ono kumayembekezeka, koma akamatsika mlungu uliwonse tiuzeni. Mayi woyamwitsa amene wachitidwa opaleshoni apitirize kuyamwitsa, atauza dokotala kuti asankhe mankhwala oyenera, ndipo iye ndiye ayenera kudya koposa onse.

Tsopano mtsempha uja. Fupa likathyoka kapena kudulidwa, mtsemphawo umakokeka, ndipo mlomo wa m'munsi ndi chibwano zimachita dzanzi kwa milungu kapena miyezi. Kwa ena dzanzi pang'ono limatsala mpaka kalekale. Si ufiti ndiponso si kufa kwa ziŵalo. Choopsa chake nchakuti munthu samva kutentha, choncho angapse mlomo ndi phala osadziŵa. Yesani chakudya pa mkono wanu monga mumachitira ndi cha khanda. Dovu kapena phala likamayenderera pachibwano iye osazindikira, mupukuteni mwakachetechete, ndipo ana a m'nyumba muwalangize asamuseke.

Kutsuka m'kamwa

Mawaya amagwira zotsalira za chakudya, ndipo m'kamwa mosatsuka ndimo mumayambira mafinya amene amalepheretsa fupa kugwirana. Akangotha kudya, nthaŵi iliyonse, wodwala achukuche m'kamwa ndi madzi ofunda oŵiritsa, kapu imodzi yothira theka la supuni yaing'ono ya mchere. Ngati achipatala apereka mankhwala ochukuchira, atsatire muyeso wake ndipo asameze. Atsuke mano ndi mawaya ndi mswachi wofeŵa wa ana, mosamala, kaŵiri pa tsiku. Asatokose ndi kamtengo, chingwe kapena pini. Milomo imauma ndi kung'ambika, choncho apakepo Vaseline. Nsonga ya waya ikamalasa tsaya, pitani nayo kuchipatala akaipinde. Musaikoke ndi pulayala ya njinga.

Wodwala akamva mseru, akhale tsonga, aŵeramire kutsogolo kapena atembenukire cham'mbali, ndipo akoke tsaya ndi chala kuti masanzi atuluke. Popeza zonse zimene wadya nzamadzimadzi, zimatha kutuluka m'mipata ya mano. Mawaya amadulidwa pokhapokha ngati akulephera kupuma, ndipo akadulidwa apite kuchipatala tsiku lomwelo kuti akamangidwenso. Moŵa ndi woletsedwa kotheratu pa nthaŵi yonseyi, kachasu ndi masese omwe, chifukwa woledzera amasanza ali m'tulo. Alipo abambo amene pa mlungu wachitatu, ululu utatha, amadzimasula okha chifukwa cholakalaka nsima. Ululu umatha fupa lisanalimbe. Wodzimasula msanga amabwerera kuchipatala ndi nsagwada yokhota kapena yosagwirana, ndipo milungu ija imayambiranso pa chiyambi.

Thamangirani kuchipatala, usana kapena usiku, mukaona chimodzi mwa izi: kupuma kapena kumeza movutikira, magazi osaleka, kutentha thupi, kutupa kumene kukuwonjezeka pambuyo poti kunayamba kuphwa, mafinya kapena fungo loipa lochokera pa bala, mawaya kumasuka, kapena mano kuleka kukumana monga anakumanira potuluka m'chipatala. Kutentha thupi musangokuyesa malungo n'kugula mankhwala pa golosale. Akayezedwe, ndipo woyezayo auzidwe za opaleshoni.

Mawaya akachotsedwa

Tsiku lomasula mawaya pakamwa sipatseguka kwambiri, chifukwa minofu yakhala osagwira ntchito. Izi zimatha m'milungu yoŵerengeka ngati munthu akuyeseza kutsegula ndi kutseka kangapo pa tsiku monga wamuonetsera dokotala. Ayambe ndi nsima yofeŵa kwambiri, mazira, nyemba zopota, nsomba yopanda minga ndi nthochi. Mzimbe, chimanga chokazinga kapena chootcha, chinangwa chachiŵisi, mtedza wokazinga ndi nyama yolimba adikire nazo mpaka dokotala atavomereza, pakuti fupa limatenga miyezi itatu kapena kuposerapo kuti libwerere mphamvu zake zonse. Chizoloŵezi chotsegula botolo ndi mano chithe. Kusenza mtolo wa nkhuni, kunyamula dengu lodzala tiyi, mpira ndi kukwera njinga yamoto m'misewu yokumbika zidikirenso. Pemphani kalata ya dokotala yopita nayo kwa akuluakulu a pa ntchito kuti wodwala apatsidwe ntchito yopepuka. Ngati anavulala ali pa ntchito, ngoziyo inenedwe msanga kwa olemba ntchito ndi ku ofesi ya zantchito ya boma, chifukwa lamulo la chipukutamisozi cha ovulala pa ntchito la chaka cha 2000 limafuna malipoti ndi makalata a kuchipatala.

Amene anachitidwa opaleshoni yomasula nsagwada youma malangizo ake ndi otembenuza, ndipo apa pasakhale kusokoneza. Wothyoka amauzidwa kuti nsagwada ipume. Womasulidwa amauzidwa kuti iyambe kuyenda m'masiku oyambirira omwe. Achipatala amamupatsa timatabwa topyapyala tija amapanira nato lilime poyeza kukhosi, kuti azitisanjikiza pakati pa mano a kumapeto kangapo pa tsiku, n'kumawonjezera kamodzikamodzi pamene pakamwa pakutseguka. Zimaŵaŵa, ndipo zimatenga miyezi yambiri, mwina chaka. Akaleka chifukwa cha ululu, fupa limagwirananso ndipo opaleshoni yonse imapita pachabe. Amwe mankhwala ochepetsa ululu kanthaŵi asanayambe, ndipo wina wa m'banja akhale naye pafupi, aziŵerenga timatabwato ndi kulemba chiŵerengero chake m'kope mlungu uliwonse kuti akaonetse dokotala.

Wochotsedwa chotupa apitirize kukaonedwa pa masiku onse amene apatsidwa, ngakhale patapita zaka zisanu kapena khumi akumva bwino, chifukwa ameloblastoma amatha kuphukanso mwakachetechete, ndipo chithunzi cha fupa chimamuona munthu asanayambe kutupa. Mano amene anachoka pamodzi ndi fupa amatheka kuloŵedwa m'malo ndi ochita kupanga m'kamwa mukapola. Funsani a zamano ku Thyolo kapena ku Queen Elizabeth. Ngati ndalama yoyendera yasoŵa ndipo tsiku lapitirira, musangokhala pakhomo ndi manyazi. Uzani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena ife pa tsiku la sikelo, kuti tikuthandizeni kupeza tsiku lina.